Magolovesi a mphira a Class 2: zimene ndaona nditawavala chaka chathunthu

Kwa chaka chathunthu tsopano ndakhala ndikuvala magolovesi a mphira a Class 2 pa ntchito yanga yokonza masiteshoni ang'onoang'ono a magetsi a mavolti 11,000 amene ali m'mafakitale ndi m'minda ya tiyi, ndipo popeza anzanga angapo andifunsa ngati n'koyenera kuwagula ngakhale mtengo wake ndi wokwera, ndaona kuti ndilembe zimene ndapeza.

Ndinawagula m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zodzitetezera pa ntchito mumzinda wa Blantyre. Pamkono pake pali chizindikiro cha IEC 60903, muyezo umene magolovesi oteteza ku magetsi amayenera kukwaniritsa, ndipo a Class 2 amayesedwa pa mavolti 20,000 koma amaloledwa kugwira ntchito pa magetsi osapitirira mavolti 17,000. Pamawaya a 11,000 ndi okwanira, koma pamawaya a 33,000, amene ESCOM imagwiritsanso ntchito pogawa magetsi m'dziko muno, pamafunika a Class 4, omwe malire ake ndi mavolti 36,000. Mfundo imeneyi ndikuitsindika chifukwa ndinamvapo munthu wamkulu ndithu pa ntchitoyi akunena kuti golovesi ndi golovesi basi, ndipo mawu amenewo anandiopsa kwambiri. Pamawaya a 66,000, a 132,000, kapena a 400,000 ochokera ku Phombeya kupita ku Nkhoma, palibe golovesi iliyonse imene ingamuteteze munthu wokhudza waya wamoyo.

Chimene ndawakondera koposa ndi chakuti mphira wake ali ndi mitundu iwiri, wakuda kunja ndi wofiira mkati, kotero kuti pakangokhala pokalika kapena pong'ambika, kufiira kuja kumaonekera msanga. M'mawa uliwonse ndisanawavale ndimapinda kukamwa kwa golovesi kuti mpweya utsekeredwe mkati, kenako ndimaifinya ndili kuyiyandikitsa kutsaya kuti ndimve ngati pali potuluka mpweya, ndipo mpaka lero onse awiri sanatulutsepo mpweya. Zala zake zinaumbidwa mopindika pang'ono monga mmene dzanja limakhalira likamagwira chinthu, choncho ndodo yotsegulira ndi kutsekera magetsi imagwirika bwino popanda dzanja kutopa msanga.

Zovuta zilipo. Mphira wa Class 2 ndi wochindikala, moti kutola kanati kakang'ono utawavala n'kosatheka, ndipo mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, manja amanyowa ndi thukuta pasanathe mphindi zambiri. Ndinagula timagolovesi tathonje tovala mkati, ndipo tinathandiza ndithu.

Chimene chinandikhumudwitsa kwenikweni si magolovesiwo ayi, koma kagulitsidwe kake. Wogulitsa anandipatsa a mphira okhaokha, osatchulako n'komwe za magolovesi achikopa ovala pamwamba pake, chonsecho popanda achikopawo kansonga ka waya kapena m'mphepete mwa chitsulo mukhoza kuboola mphira tsiku loyamba lomwe. Chikwama chosungiramo panalibenso, pamene mphira amafuna kusungidwa osapindidwa, kutali ndi dzuwa, kutentha ndi mafuta. Mafuta a thiransifoma, omwe timawakhudza pafupifupi tsiku lililonse, amafewetsa mphira ndi kumutupitsa. Nditafunsa tsiku limene magolovesiwo anayesedwa komaliza, anachita kukafunsa kwa mkulu wawo, ndipo za kumene ndingakawayezetsenso sanathe kundiuza, ngakhale kuti magolovesi otere amayenera kuyesedwa ndi magetsi miyezi 6 iliyonse. Sitolo yogulitsa chinthu chimene moyo wa munthu ukudalira iyenera kukhala ndi mayankho amenewa pakamwa, ndipo ine ndinachita kufufuza ndekha malo oyezetsera, ndiponso kukagula achikopa ndi chikwama kwina.

Wina asaganize kuti ndimawavala kuti ndizigwira mawaya amoyo. Ntchito imayamba ndi chilolezo cholembedwa, kenako timazimitsa magetsi, kupatula mbali imene tikufuna kugwirapo, ndi kuikapo loko ndi chikwangwani kuti wina asayatse tili mkati. Magolovesi amagwira ntchito yake panthawi yovuta ija imene sitinatsimikize kuti magetsi achokadi, pamene ndikuyeza mawaya onse atatu ndi chipangizo choyezera magetsi, chimenenso ndimayamba ndachiyesa chisanagwire ntchito ndi kuchiyesanso pambuyo pake, ndiponso pamene ndikulumikiza mawayawo kunthaka, kuyambira mbali ya kunthaka. Panthawi imeneyi magetsi angathe kubwerera kuchokera ku jenereta ya fakitale kapena kutsalira m'nthambo zapansi, ndipo apa ndi pamene ndimawadalira magolovesiwa ndi mtima wonse. Komabe sateteza nkhope ndi chifuwa ku moto umene umaphulika mawaya akagundana, choncho chisoti, chotchinga kumaso ndi zovala zosagwira moto zimafunikabe.

Kwa amene amagwira ntchito pa mavolti 11,000, magolovesi amenewa ndi oyenera ndalama zake, ndipo ine ndidzagulanso amtundu womwewu, koma ulendo wotsatira sindidzapereka ndalama ndisanaone tsiku limene anayesedwa komanso achikopa ake ali pomwepo. Amene ndili nawowa anapambana mayeso oyamba a miyezi 6, ndipo mwezi wamawa akupita kukayesedwa kachiwiri.