Quran.com: tsamba lomwe ndimaonetsa achinyamata oopa manda

Ndimaphunzitsa achinyamata ku madrasa, ndipo masiku ano mafunso awo ambiri ndi okhudza imfa. Amaonera timavidiyo ta pa foni tokamba za chilango cha m'manda, za Munkar ndi Nakir (angelo ofunsa mafunso m'manda), za moto wa Jahannam, kenako tulo osabwera. Mtsikana wina anandiuza kuti anasiya kuswali chifukwa ankaona ngati Allah anamutaya kalekale. Ana otere ndimawatsegulira Quran.com, tsamba la pa intaneti lowerengerapo Quran.

Tsambali ndi laulere. Chomwe ndimalikondera kwambiri n'chakuti ayah (ndime ya Quran) simuiona yodulidwa, mumaiona pamodzi ndi zinzake. Tsegulani Surah Al-Hijr, ayah 49 ndi 50. Allah akulamula Mtumiki Muhammad (SAW) kuti auze akapolo Ake kuti Iye ndi Wokhululuka, Wachifundo, ndipo mzere wotsatira womwewo ukuti chilango Chake n'chowawa. Ziwirizi zili moyandikana, chifundo chili patsogolo. Timavidiyo tija timangotola yachiwiriyo.

Mtsikana uja tinawerenga naye Surah Az-Zumar, ayah 53, yomwe imauza amene adzichimwira okha kuti asataye mtima pa chifundo cha Allah. Anaimvetsera kambirimbiri m'mawu a Mishary Alafasy, katswiri wowerenga Quran, poti tsambali limalola kuti ayah imodzi izibwerezedwa yokha, zomwe zimathandizanso oloweza. Koma sindinamulole kuimira pomwepo. Ayah 54 ikuti bwererani kwa Mbuye wanu chilango chisanakufikeni. Chiyembekezo chopanda tawbah (kulapa) chimagonetsa munthu, ndipo ndaonapo anyamata akunena kuti "Allah ndi Ghafur" (Wokhululuka) uku akuchedwetsa swala ya Fajr (ya m'bandakucha) mwadala.

Mukagwira liwu la Chiarabu, tanthauzo lake limaonekera, ndipo tafsir (ndemanga yofotokozera ndime za Quran) ya Ibn Kathir ilipo pomwepo. Yomwe ndimagwiritsa ntchito ili m'Chingerezi cholemera kwa ana ambiri, choncho makolo ndi aphunzitsi tizikhala nawo pambali, tisangowasiyira foni.

Hadith (nkhani ya zomwe Mtumiki ananena kapena kuchita) yomwe ndimamaliza nayo phunziroli siili m'Quran. Ili pa Sunnah.com, m'buku la hadith la Tirmidhi. Mtumiki (SAW) anakaona mnyamata ali pafupi kumwalira, namufunsa mmene akumvera. Mnyamatayo anati akuyembekezera Allah komanso akuopa machimo ake. Mtumiki anayankha kuti ziwirizi zikakumana mumtima wa kapolo pa nthawi ngati imeneyo, Allah amam'patsa chomwe akuyembekezera ndi kumuteteza ku chomwe akuopa.