Vipassana ya masiku 10 kapena MBSR ya masabata 8?

Zonsezi ndi njira zophunzirira kusinkhasinkha (meditation).
Vipassana ya mphunzitsi S.N. Goenka: masiku 10 osayankhula, kudzuka 4 koloko m'mamawa, kusinkhasinkha maola pafupifupi 10 patsiku.
MBSR (Mindfulness-Based Stress Reduction, njira yochepetsera kupanikizika maganizo) imene anayambitsa Jon Kabat-Zinn: masabata 8, mphindi 45 patsiku, mukugona kwanu.

Mtengo: Vipassana njaulere, mumangopereka kangachepe mukafuna. MBSR kawirikawiri amalipiritsa.

Nkhani yagona pa chiopsezo. Mu 2017, Jared Lindahl ndi Willoughby Britton a ku Brown University anapeza kuti osinkhasinkha ena amagwidwa mantha, kusowa tulo, mwinanso kumva ngati thupi si lawo. Ku Vipassana foni mumapereka pofika, ndiye mabala akale a mumtima akatukusira usiku, abale ali kutali. Pa MBSR mutha kupumirako, n'kukambirana ndi mphunzitsi.

Amene anadwalapo matenda a maganizo afunse kaye dokotala, kenako ayambe ndi MBSR. Vipassana asiyire ozolowera kukhala chete nthawi yaitali.