Implant, buliji kapena mano ovula: zomwe zinandionekera kuno ku Harare

Anthu atatu andifunsa kale, wina tili mu kombi ya ku Mufakose, kuti dzino likazulidwa aikepo chiyani. Ndiyankhe pano kamodzi.

Mano ovula usiku ndiwo otchipa. Mayi anga amavala amenewa, koma chimanga chootcha anasiya kalekale. Buliji, dzino lopanga lomwe amalimangirira ku mano a m'mbali, sichedwa, milungu ingapo yatha, koma dokotala amayamba wapala mano awiri abwinobwino a m'mbali kuti ikhazikikepo, ndipo dzino lopalidwa silibwerera mwakale.

Ine ndinasankha implant, kachitsulo ka titanium komwe amakalowetsa m'fupa la nsagwada. Fupa limayenera kukagwira kachitsuloko pang'onopang'ono, miyezi 3 mpaka 6, kenako n'kuikapo dzino pamwamba. Kanga sikanagwire. Mwezi wachiwiri usinini unatupa, ndikasindikiza ndi chala pankatuluka mafinya, ndipo tsiku lina ndikudya nsima ndinamva kakugwedera. Anakazula.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti kuchipatala choyambacho sanandifunse ngati ndimasuta. Ndinkasuta ndithu, paketi imodzi masiku awiri. Fodya amachepetsa magazi opita ku usinini, bala silipola msanga, ndipo tizilombo timapeza mpata. Ankangofuna dipoziti basi. Komanso mtengo umene ananditchulira unali wa kachitsulo kokha. Dzino lapamwamba ndi kolumikizira kake zinali ndi mtengo wakewake, m'madola a ku America, ndipo ndinazidziwa nditalipira kale.

Dokotala wachiwiri anandijambula kaye nsagwada. Anapeza kuti fupa linali litaphwa chifukwa malowo anakhala opanda dzino zaka zambiri, moti anayenera kuwonjezerapo fupa ndisanayambirenso. Anandiyeza shuga, poti shuga wokwera amachedwetsa kupola. Anayang'ana usinini wonse, chifukwa matenda a chiseyeye akakhalapo, tizilombo tomweto timakadya fupa lozungulira kachitsulo. Anafunsanso akunyumba ngati ndimakukuta mano m'tulo. Ndimakukuta, ndiye pano ndimagona ndi kapulasitiki koteteza mano. Za fodya anandiuza mosapsatira kuti ndikapanda kusiya sandigwira. Ndinasiya.

Poyeretsa, mano ovula amangofuna burashi ndi kapu ya madzi. Buliji imasunga zakudya kunsi kwake. Implant siibola, komatu musanyengedwe nazo: usinini wozungulira umadwala, ndiye muzitsuka kawiri patsiku, muzipititsa ulusi wa mano m'mipata, ndi kukaonetsa miyezi 6 iliyonse.

Ngati mukusutabe kapena shuga wanu sanakhazikike, ine ndikuti dikirani ndi mano ovula. Ngati mano a m'mbali ndi obowoka kale, buliji ndi yabwino, poti afunika kuvekedwa chophimba ndithu. Koma ngati ali bwinobwino, ndimaimabe ndi implant, ngakhale yoyamba inandidyera ndalama. Musanapereke dipoziti, akulembereni papepala mtengo wa zonse, ndiponso amene adzalipire kachitsulo kakakana kugwira.