Vinyl wa 3M 2080 pa mapanelo a m'kati mwa galimoto: pomwe amagwira ndi pomwe amakana

Vinyl wa 3M 2080, pulasitiki yopyapyala yokhala ndi guluu kumbuyo yopangidwa ndi kampani ya 3M, anamupangira kukutira penti ya kunja kwa galimoto: boneti, zitseko, denga. Koma ndi yemweyo amene ambiri amagula akatopa ndi pulasitiki yakuda yonyezimira ya pafupi ndi giya, ija imakalika ngakhale mwangoipukuta ndi nsalu, kapena timatabwa tonamizira ta padashibodi tomwe tachita ming'alu ndi dzuwa. Pa ntchito imeneyi ndi wabwino ndithu, ndipo ndalama yanu siilowa m'madzi, bola pomwe mukumatapo pakhale posalala komanso polimba. Pa pulasitiki yamtundu wina adzakugwiritsani mwala, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala lake.

Mtundu umenewu unatuluka mu 2019 kulowa m'malo mwa 1080. Uli m'gulu la vinyl wotchedwa cast, kutanthauza kuti popanga amathira PVC yamadzimadzi pamalo athyathyathya n'kuiumitsa ndi kutentha osaikoka. Wotchipa uja, calendered, amachita kumukanikiza ndi kumukoka pakati pa zitsulo zozungulira, ndiye akamva kutentha amafuna kubwerera momwe analili asanakokedwe. Dashibodi ya galimoto yomwe yaima padzuwa mawindo ali otseka imatha kupitirira madigiri 70, ndipo pamenepo ndi pomwe kusiyana kwa awiriwa kumaonekera: wotchipayo amanyala n'kusiya kamzere ka guluu kamene kamakola fumbi m'mphepete, pomwe 2080 amakhala pamene munamusiya. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi mamilimita 0.09, ndipo mpukutu wake ndi wa mamita 1.52 m'lifupi. Wa kaboni (wa mizere yooneka ngati ulusi wolukana) komanso wooneka ngati chitsulo chopalidwa ndi okhuthalirapo.

Chimene chimamupangitsa kukhala wosavuta kwa munthu woyamba kumene ndi guluu wake. Sagwira msanga. Mutha kumuyala, kumunyamula, kumusuntha, ndipo amagwira zenizeni pokhapokha mwakanikiza. Mu guluumo mulinso tinjira ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso momwe mpweya umatulukira, choncho thuza la mpweya mumangolikankha ndi chala n'kutha, osafuna kuboola. Mitundu yonyezimira imabwera ndi kapulasitiki koonekera pamwamba, komwe mumakasiya pomwepo mukamamata n'kukachotsa pomaliza. Pa malo athyathyathya kamateteza bwino kwambiri ku mikwingwirima ya squeegee, kachipangizo kathyathyathya kokanikizira vinyl. Pa timapanelo ta makona ambiri kamalimbitsa vinyl, ndiye ndi bwino kukasenda mukangomaliza pakati, musanayambe makona.

Za kuchuluka, yezani panelo yaitali kwambiri, kawirikawiri ya padashibodi. Mamita 1.52 aja amaikwanira m'magalimoto ambiri. Pa panelo ya pagiya, ya padashibodi ndi timizere ta m'zitseko zinayi, mita imodzi ya mpukutu ndi yokwana ndipo wina amatsala. Wotsalayo mudzamufuna, chifukwa panelo yoyamba kawirikawiri imabwerezedwa.

Musanagule n'komwe, chotsani panelo imodzi muitembenuze. Kumbuyo kwake kumakhala zilembo zodindidwa zosonyeza mtundu wa pulasitiki. Mukaona ABS kapena PC+ABS, vinyl agwira bwino. Mukaona PP kapena TPO, dziwani kuti guluu sakondana nayo pulasitiki imeneyo, ndipo ikakhalanso yokhakhala ngati chikopa, guluu amangokhudza pamwamba pa timatumphu tokha, pansi pake pali mpweya. Zoterozo zimaoneka bwino tsiku loyamba, kenako makona n'kuyamba kudzuka. Dashibodi yeniyeni yofewa ija ndi zitseko zokutidwa ndi chikopa musayese n'komwe. Palinso mapanelo ena opakidwa kachikutiro kofewa ngati labala, kamene kakakalamba kamanata ndi kusendeka. Kameneko kachotseni konse mpaka mufike pa pulasitiki yolimba, apo ayi vinyl amamata pa chinthu chomwe nachonso chikumatuka.

Ntchito yabwino imafuna kuti panelo ichoke m'galimoto. Kumata ili pomwepo kumatanthauza kudula vinyl pamzere woonekera, ndipo m'mphepete mosapindira kumbuyo ndi momwe kumatuka kumayambira. Gwiritsani ntchito zotukulira zapulasitiki, osati sikuludiraiva, yomwe imasiya mabala pa panelo yoyandikana nayo. Fufuzani kaye masikuluu obisika pansi pa timalabala ta moika makapu ndi kuseri kwa chikopa cha giya. Ambiri amakhala a mutu wa nyenyezi (Torx T20) kapena a mtanda. Tizopanira takale timathyoka msanga kukazizira, choncho m'galimoto muzikhala mofunda, ndipo tukulani pafupi ndi kachopanirako, osati pakati pa tiwiri. Mawaya a maswichi mukawazula, musayatse galimoto mpaka mutawabwezera, makamaka ngati pali nyale ya airbag (thumba la mpweya loteteza pa ngozi) ya wokwera, chifukwa kompyuta ya galimoto imasunga cholakwikacho ndipo nthawi zambiri chimafuna makina kuti chifufutike. Pachivundikiro cha airbag, kaya pachiwongolero kaya padashibodi, musamatepo kanthu. Pamenepo anapapanga kuti pang'ambike mwa njira yake pa ngozi.

Kutsuka ndiye pagona nkhani. Mankhwala onyezimiritsa dashibodi ambiri amakhala ndi silicone, ndipo silicone ndi mdani wa guluu aliyense. Amalowa m'ming'alu ndi kumbuyo kwa panelo, komwe anthu sakumbukira kupukuta, chonsecho ndi komwe vinyl amakagwirira. Tsukani panelo yonse ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, iume bwinobwino, kenako pukutani ndi isopropyl alcohol wa 70 peresenti kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse ndi mbali yoyera ya nsalu yosasiya ubweya. Pukutaninso kumbuyo, masentimita awiri kuchokera m'mphepete. Acetone ndi thinala ayi, zimasungunula ABS. Mukafuna kudziwa ngati payera, matanipo kachidutswa ka vinyl, kanikizani, dikirani mphindi zingapo n'kukoka. Kakachoka mosalimbana nanu, pukutaninso. Dziwaninso kuti 2080 ndi wopyapyala, sabisa kanthu: kamchenga kamodzi pansi pake kamaoneka ngati chiphuphu, ndipo mng'alu umene chikhadabo chimaumva udzaonekeranso pamwamba. Pakakhala zotero palani ndi sandipepa wa 400 kenako 600 musanatsuke.

Gwirirani ntchito m'chipinda chopanda fumbi, chofunda pakati pa madigiri 18 ndi 25. Kukazizira vinyl amauma n'kumang'ambika, kukatentha kwambiri amafewa ndipo guluu amagwira musanakonzeke. Dulani chidutswa choposa panelo ndi masentimita 3 mpaka 5 mbali zonse kuti zala zipeze pogwira. Ngati ndi wa kaboni kapena wa chitsulo chopalidwa, zidutswa zonse zidulidwe moloza mbali imodzi. Zilembo za papepala lakumbuyo ndi zimene zimakuuzani mbaliyo. Mukalakwitsa apa, chitseko chimodzi chimaoneka chowala, chinzake chakuda.

Yalani vinyl pamwamba pa panelo mopepuka, mumukoke pang'ono mbali zonse mpaka akhale see, opanda khwinya, musanakanikize paliponse. Yambirani pakati pa malo athyathyathya kupita kunja, ndi squeegee ya nsalu kumlomo kapena chala chovala gulovu. Pamalo pathyathyathya moto wa heat gun, chipangizo chouzira mpweya wotentha, sufunika. Khwinya likabwera musalipondereze, chifukwa limasanduka mzere wokhalitsa. Nyamulani vinyl mpaka pomwe layambira, muuzireni kutentha pang'ono, muona akudziwongola yekha, dikirani masekondi angapo azizire, ndiye muyalenso. Apa 2080 ndi wokhululuka kwambiri: amabwerera kangapo konse osataya mtundu.

Cholakwika chachikulu cha oyamba kumene ndi kutenthetsa kwambiri n'kukoka ngati chingamu. Kuti afewe amangofuna madigiri 40 mpaka 50, heat gun ili patali masentimita 15 mpaka 20 ndipo ikuyendayenda. Mukamukoka mopitirira, mtundu umatuwa, wosanyezimira amayamba kunyezimira, mizere ya kaboni imapindika, ndipo guluu amachepa pamalo pomwe akufunika kwambiri. Pakona yotuluka, yambani ndi nsonga yeniyeniyo: tenthetsani malo aakulu, gwirani ndi manja awiri, kokerani pansi ndi kunja kuti kutamukako kugawikane, kenako malizani mbali ziwirizo. Mukayamba ndi mbali, vinyl yense wotsala amaunjikana pakona n'kupanga timakwinya tangati zala. Pamalo olowa m'kati, monga mphako ya moika makapu kapena mozungulira potulukira mphepo, musayale modutsa pamwamba n'kumukankhira pansi ndi moto. Amagwira lero, koma dzuwa likamuwomba amadzuka n'kukhala ngati chikopa cha ng'oma. Mulowetseni ali womasuka, kuyambira pansi pa mphakoyo kukwera, ndipo mphako ikakhala yakuya kwambiri matani kaye kachidutswa kapadera m'katimo.

Mabowo a maswichi ndi a giya aduleni pomaliza. Boolani pakati, dulani mosiya mamilimita 5 mpaka 8 oti mupindire m'kati, ndipo m'makona chekani timizere tolekeza pafupifupi mamilimita 2 musanafike poonekera. Mukacheka mpaka pamzere, mng'aluwo umakula wokha. Kunja nakonso pindirani kumbuyo mamilimita 5 mpaka 10 basi. Wochuluka amatsekereza tizopanira, ndipo mozungulira mabatani amachititsa kuti batani lizikanirira likadinidwa. Mpeni ukhale wa mamilimita 9 wa nsonga ya madigiri 30, monga wa Olfa, ndipo thyolani nsonga pafupipafupi. Wobuntha umakoka vinyl n'kusiya mano. Pomwe mukuyenera kudula pamalo oonekera, Knifeless Tape, katepi kokhala ndi ulusi kamene kamadula kuchokera pansi, kamapulumutsa pulasitiki ku mabala a mpeni.

Gawo limene ambiri amalidumpha ndi kutenthetsa komaliza. Paliponse pomwe vinyl watamuka, ndi m'mphepete monse, pafunika kufika pafupifupi madigiri 90 mpaka 100 kuti aiwale maonekedwe ake akale n'kukhazikika m'atsopanowo. Dzanja silingayeze zimenezi, pamafunika choyezera kutentha cha infrared. Samalani, chifukwa ABS imayamba kufewa ikangopitirira pang'ono madigiri 100, ndipo panelo yopyapyala imapindika osabwereranso. Tenthetsani kachigawo ka masentimita ochepa, yezani, kanikizani ndi chala cha gulovu, pitirirani. Choumitsira tsitsi chimakwanitsa kufewetsa vinyl, koma pa gawo ili chimaperewera. Mukatha, isiyeni panelo maola 24 m'nyumba musanaibwezere, guluu akhwime.

Primer 94, mankhwala a 3M owonjezera mphamvu ya guluu, ndi wothandiza koma ambiri amamuchulutsa. Pakani kamzere kopyapyala kumbuyo kwa m'mphepete ndi pansi pa mphako zokha, aume mphindi zosachepera zisanu. Vinyl akakhudza pamenepo wagwira, palibenso zosuntha, ndipo tsiku lodzachotsa amasiya guluu wovuta kupala. Kupaka panelo yonse ndi kudzitsekera njira yobwerera.

Pa mitundu, satin, wonyezimira pang'ono chabe, ndi amene amakhalitsa akuoneka bwino m'kati mwa galimoto. Wonyezimira wakuda amakubwezerani vuto lomwe mumathawa lija la mikwingwirima ndi zidindo za zala, ndipo mtundu wowala pamwamba pa dashibodi umaonekera pagalasi lakutsogolo n'kumasokoneza maso poyendetsa. Wa matte, wosanyezimira konse, amamwa mafuta a m'manja, ndiye pamene chigongono chimatsamira pamayamba kunyezimira. Wa kaboni amabisa timabala bwino kuposa onse, koma sagonja msanga pa makona ang'onoang'ono.

Poyerekeza ndi anzake, Avery Dennison SW900 ndi wopyapyala pang'ono, wofewa, ndipo guluu wake amagwira mochedwerapo, choncho pa panelo ya makona ambiri ndi wosavuta kuposa 2080; kufewa komweko n'kumene kumachititsa kuti munthu amukoke mopitirira osazindikira. Oracal 970RA ndi wolimbirapo ndipo amafuna dzanja lozolowera. DI-NOC, wa 3M yemweyo, anamupangira makoma ndi mipando. Ndi wokhuthala kuwirikiza kawiri, matabwa ndi kaboni wake amaoneka ngati enieni, amabisa zilema, koma pafupi ndi mabatani amapanikiza ndipo m'mphepete mwake simukhala popanda primer. Kwa amene akukuta mapanelo osalala a ABS koyamba, 2080 wa satin ali pakatikati pabwino: sang'ambika msanga ndipo salimbana ndi munthu. Samalani ndi wachinyengo. Weniweni amakhala ndi chizindikiro cha 3M papepala lakumbuyo, ndipo ndi bwino kugula kwa ogulitsa ovomerezeka.

Pomwe 2080 amalephera ngakhale mutachita zonse bwino ndi pamalo ogwiridwa tsiku ndi tsiku: chogwirira chitseko, mutu wa giya, pansi pa moika makiyi ndi ndalama zachitsulo. Mphete ndi zikhadabo zimamucheka, ndipo pomwe pachekeka thukuta limalowa n'kumasula guluu. Malo amenewa ndi bwino kuwapenta kapena kuwasiya momwe alili. Kwina konseko mupukuteni ndi nsalu yonyowa ndi sopo wochepa, ndipo mankhwala onyezimiritsa dashibodi aja asafike m'mphepete mwake.