Famase ija inandikaniza tramadol, ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira mwezi watha koma mtima unali usanakhale pansi. Ndi za famase ina pa Kamuzu Road konkuno ku Salima, dzina sinditchula poti nkhaniyi ikukhudza mlongo wanga ndipo tauni yathu mukuidziwa, tonse timadziwana.

Mlongo wangayo ndi wamng'ono kwa ine, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto msewu wa ku Senga Bay. Chaka chatha anagwa pozemba mbuzi, mwendo kuthyoka, anamuika chikhakha. Kuchipatala anamulembera tramadol wa masiku ochepa ndipo anamuthandiza zedi, usiku amagona. Mavuto anayamba chikhakha atachotsa. Iye ankati mwendo ukuwawabe, kenako anzake ena pa siteji anamuuza zoti ukamwa awiri mmamawa umakhala pa njinga tsiku lonse osamva kutopa olo dzuwa la Salima likuswe mtengo. Ndiye panali kashopu kena ka mankhwala komwe amangomupatsa, osafunsa buku la kuchipatala osafunsa kalikonse, bola ndalama. Inenso ndinamugulirapo kumeneko kangapo, ndinkaona ngati ndi panado wamphamvu chabe.

Tsiku lina kashopuko kanali kotseka masiku awiri. Ndinamupeza mnyamata ali thukuta kamukamu, akunjenjemera, mamina kuchucha, kuyasamula kosalekeza, m'mimba mwatsegula, miyendo ikukana kukhala malo amodzi. Ine ndinati awa ndi malungo tiye kuchipatala, iye ayi achemwali ingondipezerani makapisozi aja ndikhala bwino pompano. Ndi mmene ndinafikira pa famaseyi.

Pa kauntala panali mayi wina wachikulire ndithu. Nditangotchula tramadol anati buku la kuchipatala lili kuti. Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti kwina timagula opanda zimenezo, ndalama ndi yanga. Sanakweze mawu. Anangoti "Achemwali, amene akumwa mankhwalawa ndi ndani, ndipo wamwa miyezi ingati?" Ndinawerenga pa zala, inakwana 7. Anandiitanira kumapeto kwa kauntala nkuyamba kundifotokozera, kumbuyo anthu akudikira.

Zomwe anandiuza ndi zomwe zandipangitsa kulemba. Tramadol si m'bale wake wa panado kapena bufeni ayi, ali gulu limodzi ndi morphine ndi codeine, mankhwala amphamvu kwambiri opha ululu. Thupi limamuzolowera, awiri amene amagwira poyamba amasiya kugwira, munthu nkuwonjezera, ndipo akasowa ndi pomwe pamabwera thukuta ndi kunjenjemera kuja, si malungo ayi, ndi chibaba cha mankhwalawo. Kapisozi mmodzi ndi 50mg ndipo olo dokotala sapyola 400mg patsiku kwa munthu wamkulu, amenewo ndi makapisozi 8. Nditabwerera kunyumba ndinakweza matiresi ake, mapaketi otha ali mbwee, atandiuza zoona anati masiku ena amafika 12. Mayi aja anatinso mankhwalawa akachuluka munthu amatha kugwa nkuphupha ngati wakhunyu, ndipo akaphatikiza ndi mowa kapena mankhwala ogonetsa kupuma kumachepa mpaka ena osadzukanso. Apa mpomwe mawondo anandizizira chifukwa mwezi umenewo anali atagwapo ku bafa, thovu kukamwa, ife kunyumba tinati mwina ndi njala, agogo anati ndi za anthu. Tangoganizani akanagwa ali pa njinga atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo.

Chomwe ndinawakondera kwambiri, sanangondikaniza nkundisiya. Anandichenjeza kuti ndisakamulande mankhwala onse tsiku limodzi nkumutsekera mnyumba, zimenezo zimamuzunza munthu ndipo ambiri amabwereranso, koma dokotala ndi amene amachepetsa pang'onopang'ono. Anati mupite naye kuchipatala cha boma lero lomwe, mukanene zonse osabisa nambala, ndipo zikakanika ku St John of God ku Lilongwe amathandiza anthu amene agwidwa ndi mowa ndi mankhwala. Anandilembera pa kapepala zoti ndikanene. Sanandilipiritse kanthu, ndinatuluka osagula olo switi.

Pambuyo pake ndinawerenga pa foni kuti ku Nigeria, Ghana ndi Egypt vutoli linakula kalekale, achinyamata a njinga ndi a ntchito zolemetsa akumwa mapilisi ozembetsa a 225mg, ambiri ochokera ku India, mpaka dziko la India linakhwimitsa malamulo ake mu 2018. Kuno sindikufuna tifike pamenepo, koma ndikaona anyamata athu a kabaza ndi asodzi ogona panyanja usiku wonse ndimaona njira yake ndi yomweyo. Mayi aja anati shopu yogulitsa mankhwala otere popanda kalata ya dokotala ikuphwanya lamulo ndipo a PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ndi kumene tingakadandaule.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba palibe malo oyankhulira mwachinsinsi, zonsezi timakamba chonong'ona pa kauntala anthu akutchera khutu, ine misozi ili m'maso, kachipinda kakang'ono kapena katani chabe bwenzi zili bwino. Chachiwiri mitengo yawo ndi yokwererako poyerekeza ndi timashopu ta mumsika, ndiye munthu wa ndalama zochepa amathawira komwe kuja kosafunsa mafunso. Kupatula apo malo ndi aukhondo, mankhwala amakuonetsa deti yothera ntchito usanalipire, amalemba kamwedwe pa paketi nkukubwerezera m'Chichewa, ndipo Airtel Money amalandira. Masana pamakhala mzere, pitani mmamawa.

Mlongo wanga tsopano ali mwezi wachiwiri akuchepetsa, mankhwala ndimasunga ine nkumamupatsa mmene adokotala analembera. Usiku wina sagona, amakwiya pa zazing'ono, njinga tayamba taimika kaye ndiye ndalama pakhomo zavuta. Sabata yatha ndinapitanso pa famasepo kukagula mankhwala a BP a amayi, mayi aja anandizindikira ndili pakhomo nkundifunsa kuti mnyamata uja akudya?