Kamakina ka TENS pa vuto losalabadira za kumanzere: zomwe taona kunyumba kwathu

Kwa inu amene mukusamalira wodwala sitiroko yemwe adasiya kulabadira za kumanzere, ndipo mwamva zoti kamakina ka TENS, kodutsitsa magetsi ochepa pakhungu, kamathandiza: kamathandizadi, koma kwa kanthawi kochepa, ndipo pakokha sikachiza. Ife takhala tikukagwiritsa ntchito pa bambo anga kuyambira dzinja lapitali.

Sitiroko yawo idagwira mbali ya kumanja ya ubongo. Maso ali bwinobwino, koma chilichonse cha kumanzere chidangosowa m'maganizo mwawo, vuto lomwe madokotala amalitcha neglect. Ankadandaula kuti ndiwo zachepa pomwe nyemba zili tho mbali ina ya mbale. Ndevu ankameta tsaya limodzi. Atauzidwa kuti ajambule wotchi, manambala onse 12 adawapanikiza kumanja. Chowawa kwambiri nchakuti eni akewo sankaona cholakwika chilichonse, ndiye ukawakumbutsa ankapsa mtima.

Kamakinako ndi kabokosi koyendera mabatire, kokhala ndi mawaya ndi tizomata. A fiziyo, akatswiri ophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, ndiwo adatisonyeza pomata: kuseri kwa khosi, cha kumanzere, mphamvu yochepa yongonyerenyesa, osafika pogwedeza minofu. Njirayi si yatsopano. Katswiri wa za ubongo Giuseppe Vallar ndi anzake ku Italy adalemba mu 1995 kuti magetsi otere pakhosi amachepetsa vutoli kwa kanthawi.

Nafenso tidaziona. Kamakina kakayaka, bambo ankayamba mzere wa nyuzipepala pafupi ndi poyambira penipeni m'malo molumphira pakati. Koma ukangozimitsa, pakapita mphindi zingapo mutu unkapendekeranso kumanja. Apa mpomwe ambiri amagwa mphwayi. A fiziyo adati mphindi zimenezo ndi zogwirira ntchito, osati zongokhala. Choncho kakamayaka timawapatsa nyemba ndi chimanga zosakaniza pathebulo lonse kuti asankhule, timamata tepi yofiira m'mphepete mwa tsamba kuti aifunefune asanayambe kuwerenga, ndipo wayilesi ndi alendo onse timawaika kumanzere. Ine ndimayimanso komweko nkunena kuti, "Ababa, ndili kuno, tembenukani."

Panopa mbale amaimaliza okha, ndipo sagundanso phewa pafelemu ya chitseko monga kale. Akatopa kapena kukachuluka anthu, monga kutchalitchi, vuto limabwereranso, moti msewu sitiwalola kuwoloka okha. Kodi ndi kamakina kadawafikitsa apa? Gawo lake ndi laling'ono, ndikuganiza. Odwala ambiri amayamba kupeza bwino okha m'miyezi itatu yoyamba, ndipo mu 2021 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika mafukufuku a zaumoyo, litasanthula mafukufuku 65 a njira zosagwiritsa ntchito mankhwala, kuphatikizapo magalasi a prism (osunthira pambali zomwe munthu akuona) ndi makina odutsitsa magetsi kapena maginito pamutu, lidapeza kuti umboni woti zimathandiza mokhalitsa udakali wofooka kwambiri. Choncho wina akamakugulitsani kamakina nkumalonjeza machiritso, musamumvere.

Kamakinako sikadawonongekepo. Chovuta ndi tizomata: nyengo yotentha, thukuta limatithetsa msanga ulimbo, ndipo kupeza tatsopano kuno nkovuta, mpaka mlongo wanga amachita kutumiza kuchokera ku Johannesburg. Mabatire otchaja adatipulumutsa.

Chenjezo ili ndikulinena ndi mtima wonse. Musamate kutsogolo kapena m'mbali mwa khosi momwe mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi. Wa khunyu kapena amene adamuika kachipangizo kothandizira kugunda kwa mtima asayandikire. Komanso mbali yodwalayo nthawi zambiri khungu silimva bwino, ndiye wodwala sangakuuzeni kuti pakuwotcha. Muziyang'ana nokha mukangomatula. Funsani kaye a fiziyo kapena adokotala musanatulutse ndalama, ndipo akakana, tepi yofiira ndi nyemba zija mutha kuyamba nazo lero lomwe.