Tiyi wa yaupon ndamukonda zedi

Abale, ndamaliza paketi yanga yoyamba ya tiyi wa yaupon ndipo ndigulanso basi. Masamba ake ndi a kamtengo kotchedwa Ilex vomitoria, kamamera kokha kuyambira ku Florida mpaka ku Texas uko. Ali ndi caffeine ndithu koma sawawa ngati tiyi wamba, tsiku lina ndinaiwala masamba m'kapu mphindi teni koma anali bwinobwino, ndimamwa olo opanda shuga.

Chanditenga mtima kwambiri ndi mbiri yake. Anthu a mtundu wa Timucua ku Florida ankakazinga masambawa nkuwawiritsa, kenako nkumamwera m'zigoba zikuluzikulu za nkhono za m'nyanja pa misonkhano yawo. Dzina loti vomitoria, lomwe limanena za kusanza, linabwera chifukwa azungu ankaona anthu akusanza pa miyambo yodziyeretsa, komatu masambawo sasanzitsa ayi, dzinali linangomuipitsira mbiri tiyiyu. Ku Cahokia, mzinda wakalekale wa eni nthaka a ku America, kutali kumene kamtengoka sikamera, anapeza zotsalira zake m'makapu adothi a cha m'ma 1050, ndiye kuti ankachita kuyenda naye pa malonda.

Chandikhumudwitsa nchakuti paketiyo sinawatchule anthu amenewa mpang'ono pomwe. Mukamagula sankhani wokazinga, wobiriwirayo ine amandinunkhira udzu.